Magauni a Fundi Amosi

Ndiyambe ndi kuulula ndekha, musadzamvere kwa ena. Ine Trevor Makwinja, mwana wa ku Phalombe, mphunzitsi wa mbiri yakale wa madigiri awiri, ndatha zaka zoposa makumi awiri ndikuchitira nsanje telala amene sukulu analekezera Sitandade 5. Dzina lawo ndi a Amosi Simfukwe, koma kuno ku Misuku mukafunsa dzina limenelo anthu amangoyang'anana. Nenani kuti a Fundi, kutanthauza mmisiri m'Chiswahili, ngakhale wogontha akulozerani nyumba yake.

Koleji yathu ya Isyala ili pamwamba pa phiri, pakati pa minda ya khofi ndi nthochi. Msewu wake nthawi ya dzinja a kabaza amayamba akufunsani ngati munalapa machimo musanakwere. Ophunzira sapitirira mazana awiri. Timaphunzitsa mbiri, zilankhulo, nyimbo, zolembalemba, zachipembedzo ndi filosofi, ndipo ku Chitipa Boma amatiseka nazo. Amati ndi koleji ya m'nkhungu, yophunzitsa anthu kukangana m'mimba muli njala. Komabe anthu omwewo akafuna wolemba kalata yomveka, kapena womasulira nkhani pakati pa Mlambya, Msukwa ndi wapolisi wochokera ku Dedza, amafunafuna wa ku Isyala. Munthu akafunsa mafunso ambiri pamsonkhano, wina amanong'ona kuti ameneyo anatsika kuphiri kuja. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo ife nyimbo yathu ndi imeneyo.

Kolejiyi anaiyambitsa mu 1994 aphunzitsi atatu opuma pantchito, m'shedi yakale yosungiramo khofi. Ophunzira oyamba ankakhalira matumba, ndipo amati mpaka lero akamva fungo la khofi wouma amakumbukira mayeso. Zimenezi ndimazidziwa bwino kuposa wina aliyense chifukwa ndinazifufuza, ndinazilemba. Koma mukafunsa munthu wophunzira pano kuti mbiri ya Isyala ili kuti, sangakutumizeni kwa ine. Akutumizani pakhonde pa a Fundi.

A Fundi anabadwa mu 1956 m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese. Bambo awo atamwalira anasiya sukulu, n'kuyenda pansi kupita kwa amalume awo kutsidya, ku Tanzania. Kumeneko anakhala zaka zisanu ndi ziwiri pakhonde pa telala wina wa Chiswahili, ndipo chaka choyamba chonse ntchito yawo inali yosita ndi kusokerera mabatani basi. Anabwerera kwawo mu 1981 atasenza mutu wa makina osokera, kuwoloka nawo mtsinje wa Songwe madzi ali m'chiuno. Miyendo ya makinawo inabwera patatha chaka, choncho chaka chonsecho ankapukusa ndi dzanja. Anakwatira mayi Nachali, nalima khofi pang'ono, namasoka mayunifolomu a sukulu ndi a kwaya. Akanakhala telala wamba mpaka imfa, ine n'kumagona tulo tabwino, pakanapanda chaka cha 1998.

Chaka chimenecho ophunzira khumi ndi mmodzi oyambirira anamaliza, koma magauni ovala pamwambo panalibe. Mmodzi wa oyambitsa koleji anatenga chithunzi chake chakale atavala gauni, n'kukawaonetsa a Fundi. Chithunzi chimaonetsa kutsogolo kokha, choncho kumbuyo a Fundi anangoganizira. Anaika mapindo atatu akuluakulu pamsana, zimene simungazipeze pa gauni ya yunivesite iliyonse padziko. Munthu akavala, kutsogolo ndi wophunzira, kumbuyo ndi mayi wa kwaya.

Kuti asasokoneze magauniwo, anayamba wamata timapepala ta mayina ndi mapini, koma tinkagwa. Atatopa nazo anatenga ulusi wofiira n'kusoka dzina la mwini wake mkati, m'munsi mwa khosi. Chaka chotsatira anangowonjezera magauni atatu, akalewo n'kuwapatsa ena. Mayina akale sanawachotse, anati nsalu ingang'ambike. Anangosoka dzina latsopano pansi pa lakale. Palibe bodi imene inakhalapo pansi, palibe pulofesa amene analingalira. Chinali chabe chizolowezi cha munthu wosakonda kulemba papepala, koma ndi chimene chinadzakhala mtima wa koleji yonse.

Anthu amene mayina awo ali m'gauni imodzi anayamba kutchulana achibale. Awiri a ku Isyala akakumana, kaya ku Karonga kaya ku Nsanje, safunsana kuti unaphunzira chiyani kapena anakuphunzitsa ndani. Poti gauni iliyonse ili ndi nambala yake, amafunsana kuti, "Gauni iti?" Mayi wina wa gauni nambala 9 anagonekedwa m'chipatala ku Mzuzu, kutali ndi kwawo, ndipo tsiku lachiwiri anangoona anthu anayi osawadziwa akubwera ndi mabasiketi a chakudya. Onse anali a nambala 9. A nambala 22 anakamanga chiliza cha mnzawo ku Nthalire, ena mwa iwo asanamuonepo ali moyo. Akamaliza mwana wofuna ntchito, a gauni yake ndi amene amamuuza khomo logogoda.

Wosankha kuti uyu avala iti ndi a Fundi okha. Kukatsala miyezi iwiri, omaliza amandanda pakhonde pawo. Iwo amayeza mapewa ndi msinkhu, amafunsa kuti kwanu n'kuti, amayi ali moyo kodi, basi. Nambala samanena. Amakadziwa mwini wake m'mawa wa tsiku la mwambo, a Fundi akamamuveka ndi manja awo. Ophunzira amakhulupirira kuti mkuluyu amaona mtima. Amati nambala 4 imapita kwa odzakhala aphunzitsi, 17 kwa olongolola odzathera pa wailesi, 9 kwa anthu achifundo. Ndinawafunsapo tsiku lina, ndikufuna kuwagwira bodza.

"Ine nimaona mapewa pera, asambizi," anatero, singano ili pakamwa, poti aphunzitsife amatitchula choncho. "Vinyake ni nkhani zawo."

Yankho limenelo linandipsetsa mtima kuposa kudzitama. Ine ndimakhala ndi ana amenewa zaka zinayi. Ndimawerenga zolemba zawo zonga mapazi a nkhuku, ndimauma kukhosi kuwafotokozera za malonda a minyanga ndi za Chitaganya. Munthu uyu amawakhudza mapewa mphindi zisanu, ndipo ngakhale ulemu umene amamupatsawo sakuufuna n'komwe.

Panali mnyamata wina, Levison Kalagho, amene ndinamukoka ndi manja awiri kuti asalephere chaka chachitatu. Loweruka lililonse ankabwera kunyumba kwanga, mkazi wanga Ruth n'kumamuphikira tiyi. Patapita zaka khumi ndi ziwiri, ali mphunzitsi wamkulu pasekondale ina, anabwera pa njinga yamoto atamangirira bulangete latsopano ndi tambala. Ndinamuona ndili pakhonde panga, ndinaimirira, ndinakonza malaya. Analiza hutala n'kudutsa, ulendo kwa a Fundi. Pobwerera anaima, chimwemwe chili tsaya ndi tsaya.

"Sala! Mukadali konkuno? Paja munkatiphunzitsa jogalafe, eti?"

Pa Isyala sitinaphunzitsepo jogalafe chiyambire.

Zonsezi ndikanazimeza, chikhala kuti sizinalowe m'nyumba mwanga. Tinabwera kuno mu 2003 mwana wathu mmodzi yekhayo, Monalisa, ali kumsana. Nyumba ya koleji imene anatipatsa inayang'anizana ndi ya a Fundi. Mwanayo atangodziwa kuyenda, anayenda kulowera komweko. Ankatola tinsalu totsala n'kumasokera zidole zake, anaphunzira Chisukwa asanadziwe Chichewa cholongosoka, ndipo Chilomwe cha kwathu sanachigwireko ngakhale moni. Ine ankanditcha adada monga ana a kuno, a Fundi n'kumawatcha asekulu. Agogo ake enieni a ku Phalombe anawaonapo katatu kokha. Dzino lake loyamba litagwedera, anakalionetsa kwa a Fundi, ine ndinangomva kuti lachoka.

Atakhoza Fomu 4 akanatha kupita ku Zomba kapena ku Mzuzu. Anakana, anati aphunzira pa Isyala pompano. Ndinanyada, ndinauza anzanga kuti mwana akutsata mapazi a bambo ake. Sipanathe mwezi ndinamumva akuuza amayi ake kukhitchini kuti kuyambira ali Sitandade 2 wakhala akufuna kudziwa gauni imene asekulu adzamupatse. Zaka zinayi zonse nyimbo inali yomweyo.

"Adada, inu mukuganiza andipatsa iti? Anzanga akuti 17, akuti ndimalongolola. Koma ine mtima wanga uli pa 9."

"Werenga, iwe," ndinkamuyankha. "Digiri sasoka ndi ulusi."

Chaka cha 2024 koleji inakwanitsa zaka makumi atatu, ndipo ndi chaka chomwecho chimene Monalisa ankamaliza. Tinali titalandira mkulu wa koleji watsopano, Dokotala Tamara Kayange, mayi wa konkuno koma wophunzira kunja, wofuna kuti Isyala ileke kusekedwa. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Anandiitana n'kundipatsa ntchito yolemba buku la mbiri ya koleji, loti ligawidwe pa chikondwerero, tsiku limodzi ndi mwambo wa omaliza maphunziro. Ndinatuluka muofesimo ndikumva kutalika. Ndinati nthawi yanga yakwana tsopano.

Ndinaimbira foni anthu makumi asanu ndi limodzi amene anaphunzira pano. Funso linali limodzi: n'chiyani chimene mumakumbukira kwambiri pa Isyala? Ndinkalemba mayankho m'kope, ndipo pofika munthu wa makumi awiri ndinaona kuti mayankho onse akungotchula munthu mmodzi: A Fundi anandiuza kuti ndiwongole msana. A Fundi anandipatsa gauni imene anavala malemu achemwali anga, osadziwa kuti ndife pachibale. A Fundi anandibweza kuti ndikapukute nsapato. Mmodzi yekha ndi amene ananditchula, ndipo chimene anakumbukira n'chakuti ndinagwa pa njinga pamaso pa kalasi yonse. M'buku la masamba 120, a Fundi ndinawapatsa mzere umodzi ndi theka, patsamba 83, pakati pa nkhani ya thanki ya madzi ndi ya zimbudzi zatsopano.

Ndikanalekera pamenepo likanakhala tchimo laling'ono. Koma kutatsala milungu itatu tinakhala pamsonkhano wa aphunzitsi wokonzekera mwambo. Dokotala Kayange anati kubwera alendo akuluakulu ndi ojambula a kanema, choncho chilichonse chioneke bwino. Ndinakweza dzanja. Ndinati magauni athu anasuluka, ena asanduka ofiirira ngati nthenga za khwangwala wokalamba. Ndinati ali ndi zigamba m'khwapa, ndipo mapindo a kumsana aja ndi cholakwika cha munthu amene anaona chithunzi mbali imodzi. Ndinati anthu a ku Boma akationa pa kanema tili m'zimenezi adzaseka mpaka chaka chamawa. Palibe bodza limene ndinanena, ndipo ndinayankhula bwino kuposa tsiku lina lililonse m'kalasi.

Anatsutsa ndi munthu mmodzi, Lazarus Msukwa, mphunzitsi wa nyimbo, amene anaphunzira pompano.

"A Makwinja, a Fundi ayeza kale ana. Ndipo wanu ali momwemo."

"Wanga adzasangalala kuoneka ngati munthu wa digiri," ndinayankha.

Musaganize kuti ndinali nditamuiwala Monalisa. Ndinamukumbukira bwino lomwe. Pansi pa mtima ndinkafuna kuti kamodzi kokha mwana wanga alandire chinthu chachikulu chosadzera m'manja mwa munthu uja. Aphunzitsi ambiri ndi obwera ngati ine, choncho anavomereza. Anaitanitsa magauni atsopano ku Lilongwe, tinagwirizana kuti ophunzira asauzidwe mpaka tsikulo kuopa phokoso, ndipo poti ndine woyandikana nawo nyumba, anatuma ine kukawauza a Fundi.

Ndinawapeza pakhonde masana, gauni ili pamiyendo. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, moti mayi Nachali ndi amene ankawalowetsera ulusi pasingano. N'chifukwa chake chaka chimenecho anali atayamba msanga. Mayina makumi anayi ndi limodzi anali atasoka kale, atatsala ndi kusita kokha. Ndinakhala pampando, ndinapereka moni, ndinafotokoza. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo mayankho ndinali nditakonzeratu.

Anatembenuza gauni ija, n'kuiyang'anitsitsa pafupi ndi maso.

"Nsalu yavuka nadi," anatero. "Yatopa. Yewo, asambizi, mwachita makora kubwera mwekha." Anaika gauni ija pambali. "Kweni zatsopanozo muwauze zisatalike chomene. Njira ya ku gilaundi ili na matope, ana angagwe."

Ndinabwerera kunyumba nditakwiya ngati wolandidwa ndine. Munthu ndamuchotsera ufumu wake wonse, iye akudandaula za matope.

Tsiku linafika ndi kamvula kowaza. Omaliza anasonkhana m'holo m'mawa, akuyang'ana kukhomo kudikira a Fundi. M'malo mwake munalowa makatoni. Magauni anali akuda bii, onyezimira, aliyense m'pepala lake la pulasitiki. Ndinaona ana makumi anayi ndi mmodzi akuchita chinthu chimodzi popanda wowauza: aliyense anatembenuza khosi la gauni yake kuyang'ana mkati. Munali kansalu koyera ka dzina la fakitale. Monalisa anayang'ana kansaluko nthawi yaitali, kenako anavala yekha, osayang'ana munthu.

Mwambo unayenda bwino, ndisaname. Pa kanema tinaoneka ngati yunivesite yeniyeni. Palibe anagwa, ngakhale ambiri ankayenda atanyamula mipendero m'manja. Ophunzira akale anabwera oposa mazana atatu, ena pa malole, ena wapansi kuchokera kumsika. Buku langa linagawidwa pakhomo, Dokotala Kayange ananditchula dzina, anthu anaomba m'manja. Kenako mvula inalimbako, ndipo ndinaona ntchito yanga ya chaka chathunthu ili pamitu pa anthu. Ena anayala pa mabenchi onyowa n'kukhalira.

Pemphero lotsekera litangotha, gulu lonse linatsetsereka njira ya kwa a Fundi, chakudya cha alendo chikuzizira m'holo. Ndinatsatira, sindikudziwa chimene ndinkafuna kukaona. Mvula inali itakata, ndipo mayi Nachali anali atayanika magauni onse akale pazingwe pakati pa nthochi kuti apitidwe mphepo asanawatsekere m'bokosi. Anthu akuluakulu, ena a imvi, ena a mimba za maofesi, ankathamanga ngati ana kufunafuna yawo. "A 17 kuno!" "A 4 muli kuti?" Ankawerengerana mayina mokweza, kukumbatirana ndi anthu amene anali asanawaonepo, kulira akafika pa dzina la womwalira. Ana a chaka chimenecho anaima chapatali m'magauni awo onyezimira, ngati anthu ofika paukwati osaitanidwa.

Levison yemwe uja ndi amene anawaona. Anapita kwa a Fundi, amene anali atakhala pampando wawo pakhonde.

"Fundi, ana awa asapite chonchi. Avuleni izi, muwaveke zathuzi pompano. Mayina musoke mawa."

Anthu anavomereza ndi mfuu. A Fundi anapukusa mutu.

"Yayi. Dzina limakhala m'gauni imene munthu wayenda nayo kukapokera pepala lake. Apa pakhonde palije pepala. Nikayamba kusoka waliyose amene wayesako gauni, mawa nisokenso alendo."

Anawachonderera, ngakhale Dokotala Kayange amene anali atafika ndipo nkhope itagwa. Mkuluyo sanasunthe. Si kuti ankabwezera, ndinamuyang'ana bwinobwino kufuna kupeza kachimwemwe kobisika kuti ndimudere pomwepo, koma sindinakapeze. Maso ake anali pa ana aja.

Monalisa anatuluka pagulu la anzake n'kukagwada pafupi ndi mpando.

"Asekulu, ningofumba waka. Mukanandipatsa iti?"

A Fundi anayang'ana mayi Nachali, ndipo mayiwo anapita pachingwe n'kubwera ndi gauni imodzi. Inali nambala 9. Anaitembenuza khosi. Mayina ofiira anatsika mumzere, akale otuwa, atsopano owala, ndipo pansi pa dzina la chaka chatha panali timabowo ta singano tokhatokha. Sabata yonse yapitayo, awiriwo anali atakhala pakhonde pomwepo kusolola ulusi wa mayina makumi anayi ndi limodzi, limodzilimodzi. Ine ndinkawaona ndikamapita kuntchito, ndinkayesa akusoka za kwaya. Mwana wanga anayendetsa chala pa timabowoto, ndipo ndinaona milomo yake ikuwerenga zilembo zimene panalibe.

Anaimirira n'kufunsa, osati mokweza, kuti maganizo a magauni atsopano anabweretsa ndani. Lazarus Msukwa anayang'ana pansi, kenako maso ake anamuthawa n'kugwera pa ine kamphindi kochepa. Monalisa anaphunzira pa Isyala zaka zinayi, ndipo ine ndemwe ndinamuphunzitsa kuwerenga umboni.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Fundi dzuwa litangotuluka. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Misuku sindinakhale pampando, ndinanjuta pansi. Ndinawauza kuti wolakwa ndine, ndipo ndinanena ndi chifukwa chake chomwe, mawu oti nsanje ndinawatchula ndi pakamwa panga. Ndinapempha kuti abwezere dzina limodzi lokha. Timabowo tilipo kale, ndinatero, n'kungodutsitsamo ulusi.

"Nsanje na ine, asambizi?" Anaseka pang'ono, modabwa zenizeni, ndipo kusekako kunandilasa kuposa chitonzo. "Ine nikusirira imwe, mukuwerenga mabuku ghakulu." Kenako nkhope inasintha. "Mwana yura nikumutemwa ngati wane. Nambala 9 n'namusungira kale chomene, wachali kusoka vidole apa. Kweni sanavale. Imwe ndimwe a mbiri. Mungalembe m'buku kuti chinthu chinachitika, chisanachitike?"

Ndi zimene ndimauza kalasi iliyonse sabata yoyamba.

Kwathu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma m'nyumba mwanga zinatembenuka: ndinadya ine, zinapota mwana. Monalisa sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anapinda gauni yonyezimira ija bwinobwino, anaibwezera m'pulasitiki mwake, n'kuisiya patebulo langa lowerengera. Chithunzi cha tsikulo anakana kujambulitsa. Ruth anakhala masiku atatu akundipatsa chakudya ngati akupatsa mlendo wa kuresitihausi.

Ophunzira akale analemba makalata, anaimba mafoni, ndipo bodi inagonja msanga. Chaka chotsatira magauni akale anabwerera, ndi mapindo awo a kumsana omwewo, atsopano aja n'kupatsidwa a kwaya. A Fundi akuyezabe mapewa, ngakhale tsopano kusoka kwenikweni akuchita ndi mayi Nachali, iwo n'kumapapasa ndi chala ngati zilembo zawongoka. M'gauni iliyonse anasiya mpata wa dzina limodzi pakati pa 2023 ndi 2025, ndipo ana a chaka chija anthu amawatcha amasiye. Ku Boma nkhaniyi yawonjezera kutchuka kwa koleji. Amati ku Isyala kuli telala amene anakanira dokotala, bodi ndi anthu mazana atatu. Ndiye kuti ngakhale chiwembu changa chinangowakweza a Fundi. Ndikamawaona pakhonde paja ndimawapatsa moni waulemu, ndipo nsanje ija ikadalipo ndithu, kungoti tsopano ndimaidziwa mtengo wake.

Monalisa anapeza ntchito yophunzitsa pasekondale ina pafupi ndi Boma. Anaipeza yekha, atayenda miyezi isanu ndi itatu ndi envulopu m'manja, popanda womuuza khomo logogoda. Mwezi wathawu ndinatsika kukamuona, nditamutengera nthochi ndi khofi wa amayi ake. Anandilandira mwaulemu, n'kundilowetsa m'chipinda cha aphunzitsi kuti ndidikire amalize kuchonga makope. Munali mayi wina wachikulire, wobwera kumene pasukulupo, amene anaona baji ya koleji pa chikwama cha mwana wanga. Anawomba m'manja, nkhope yonse kuwala.

"Iwe, ndiwe wa ku Isyala? Inenso! 2006, nambala 9! Gauni iti, mwana wanga?"

Monalisa sanadzutse mutu pa kope limene ankachonga. Analoza ndi cholembera kumene ndinakhala.

"Awo ndi bambo anga. Ndi amene analemba mbiri ya koleji. Afunseni iwowo."

Mayi uja anatembenukira kwa ine akumwetulirabe, n'kumadikira.